Kamba wa Agogo Aakazi

Agogo aamuna anandikankhira m'matatu, minibasi ya ku Nairobi, yopita m'tauni, iwo n'kulowa pambuyo panga atakumbatira chipewa pachifuwa. Munali fungo la utsi wa dizilo ndi la chimanga chootcha chimene mayi wina ankakukuta pazenera, wailesi ikuboola makutu, kondakitala akumenya chitseko ndi khobidi. Tinakwerera ku Kahawa. Ananditenga chifukwa cha pakamwa basi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Chiswahili nditachitola mumsewu, pomwe iwo ankangodziwa kupereka moni.

Tinkakhala kwa azakhali, amene ankagwira ntchito kubungwe lina mu Nairobi muno. Ine anandibweretsa kudzaphunzira, ngakhale sukuluyo sitinagwirizane. Agogo onse awiri anachokera ku Dowa kuti aakazi adzachitidwe opaleshoni ya maso. Maso atatseguka, azakhali anagula matikiti awiri a sitima yapamadzi yonyamukira ku Mombasa, masiku anayi panyanja, iwo ndi mayi awo. Anati maso atsopanowo ayambe aona chinthu chabwino. Agogo aamuna anakana kupita. Anati iwo madzi amawakonda ali m'kapu.

Vuto linali agogo aakazi. Ukawapatsa ndalama ya mandasi ankaimanga pamfundo ya chitenje, pakapita mwezi n'kutulukira ili sopo wa mwana wa wina. Nkhuku ankadya khosi. Amuna awo ankadziwa kuti m'sitimamo adzangokhala pampando, manja pamwendo, kuopa mtengo wa chilichonse.

Ofesi ya maulendo imene tinkapitako tsikulo inali pamwamba, yozizira ngati m'firiji. Mtsikana wapadesiki anafotokoza kuti tikiti ndi ya bedi ndi chakudya chokha. Zina zonse amalipira ndi khadi la m'sitima momwemo, ndipo munthu angathe kuikamo ndalama asananyamuke.

"Ameneyo ndiye kamba," anatero agogo. "Uwauze ndabweretsa kamba wa amayi."

Ndinamasulira zonse, koma mawu oti kamba ndinawasiya momwemo. Kwathu kamba ndi chakudya cha paulendo, mbatata yootcha kapena mtedza m'kathumba. Pa Chiswahili kamba ndi tinkhanu ta m'nyanja ta ndevu zazitali. Mtsikanayo anafunsa ngati amayiwo adzadyadi tinkhanu tokhatokha masiku anayi, mpaka anaitana mnzake kuti adzamve. Ndinaseka. Agogo ananditsina khutu.

Titamvana, anatiuza kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba, zotsala amabweza. Yachiwiri amakuwonjezera pang'ono, koma zikatsala zapita. Iye anatilangiza yoyamba. Agogo anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza.

"Yosabwezayo," anatero.

Mtsikanayo anafunsa ngati mzee, kutanthauza agogowo, wamvetsa. Agogo anangotulutsa ndalama m'chipewa, za mtedza wa chaka chimenecho. Anati palembedwe dzina la akazi awo lokha, ndipo pansi alembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti sizibwerera.

Titafika kunyumba anandilamula kuti ndiwerenge pepalalo mokweza. Agogo aakazi ankadula anyezi. Anaika mpeni pansi. Anati bambowa apenga, ndalama ya feteleza kukaiponya m'nyanja masanasana. Anakalipa masiku awiri, tiyi akuwapatsa wopanda shuga. Agogo aamuna ankamwa wonse.

"Zapita kale," ankatero. "Mukazisiya, adya eni sitima."

Azakhali ndi agogo aakazi anabwerako kuulendowo patatha sabata, tikudya chamasana. Agogo aakazi anatsegula chikwama pamkeka, muli fungo la mchere ndi sopo wachilendo. Anatulutsa chokoleti changa, malaya a amuna awo, mafuta onunkhira a mayi wina wakutchalitchi, tizidole ta adzukulu a ku Dowa. Chilichonse chikamatuluka, nkhope ya agogo aamuna inkagwa. Chikwama chinatha.

"Nanga inu?" anafunsa agogo aamuna.

Agogo aakazi anayang'ana kumbali. Azakhali anayamba kuseka, n'kuwauza kuti avule nsapato. Anavula pang'onopang'ono. Ming'alu ya kuzidendene, imene ine ndinkaganiza kuti anabadwa nayo, kunalibe. Zikhadabo zinali zofiira.

Azakhali anafotokoza kuti tsiku lomaliza khadi linali likadali ndi ndalama, sitolo atatseka kale. Amayi awo anazungulira sitima yonse kufuna woti amugulire kanthu, osamupeza. Kenako anakhala pampando wofewa, mtsikana wina n'kuwaviika mapazi m'madzi ofunda, kuwapala, kuwadzoza. Akuti anagona mpaka kuliza mkonono.

"Zikanapita pachabe," anatero agogo aakazi, akubisa mapaziwo m'chitenje. Kenako anatulutsanso limodzi kuti alione.

Lero ndimakonza magalimoto ku Utawala. Mkazi wanga ali ndi mtima womwewo, ndiye kwa telala ndimakalipiriratu, iye azikangoyesa. Ndinaphunzira masana amenewo.

Agogo aamuna anayang'ana phazi la akazi awo lija nthawi yaitali. Anatsokomola kamodzi, anadzuka, n'kutuluka kulowera kumsewu.