Zitunda Zitatu za kwa Alamu

Ndinanyamuka pamalire Loweruka 6 koloko m'mawa, madalaivala a mathiraki asanayambe kufunsa tiyi. Kalesitilanti kanga ndinakatseka, ndipo bambo a kunyumba anandiyang'ana ngati ndadwala, chifukwa ine kutseka Loweruka sizichitika. Ndinkapita kwa Nthache kukapepesa alamu anga, amake Tadala, mkazi wa achimwene amene ali ku Joni.

Mlandu wake unali wa nkhuku. Chaka chatha pa chinkhoswe cha mwana wanga, alamuwo ndi amene ankabweretsa thadzi loti tikapereke kuchimuna. Anafika 12 koloko, akuchimuna atatopa n'kugwira tambala wawo. Ine pakamwa sindichedwa. Ndinanena pagulu kuti anthu ena ulesi anabadwa nawo. Alamu anaika nkhuku pansi, ndipo kuchokera tsikulo sitinalankhulanenso. Lamlungu lapitalo abusa atalengeza za mgonero, anati amene ali ndi chakukhosi ndi mnzake ayambe wakamuona. Ndinamva ngati anditchula dzina. Ndinadziwa kuti ndikapanda kupita, mkatewo sundidutsa pammero.

Wakabaza ananditula paboma ndi K1,000. Ndinagula shuga, buledi ndi manachesi oti ndizidya m'njira, kenaka ndinakwera njinga yamoto ya a Zuze, bambo wa imvi amene anabwera kuno kuchokera kutsidya kwa malire nthawi ya nkhondo ya kwawo. Anati K6,000. Ndinayesa kunenerera, koma anangoseka.

"Mayi, mukauona msewuwo mundiwonjezera nokha."

Sananame. Titangosiya tala, njinga inayamba kudumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Ine kumbuyoko ndinkabwereza mawu amene ndinakonza: "Alamu, ndinalakwa, koma nanunso munachedwa." Chiganizo chimenechi ndinkachikonda kwambiri, makamaka mbali yachiwiriyo.

Cha m'ma 9 tinafika pa kamtsinje kopanda mlatho. A Zuze anazimitsa njinga.

"Ine ndathera pano. Kwatsalako n'kwa miyendo yanu ndi Mulungu."

Chiyambire sindinapiteko kwa alamu. Achimwene atakwatira kumeneko, ine ndinkangoti ndidzapita, zaka n'kumatha. Ndinawoloka nsapato zili m'manja. Pa chitunda choyamba ndinakumana ndi mayi wina atasenza thumba la makala, ndipo ndinamufunsa ngati kwa amake Tadala n'kutali.

"Ayi, ndi pompa. Mukatha chitunda ichi, china, ndi chinacho, mwafika."

Ndinamugawira manachesi awiri. Anathokoza n'kutsetsereka ndi katundu wakeyo mopepuka, pamene ine shuga wa makilo awiri ankandilemera ngati mwala.

Pa chitunda chachiwiri lamba wa nsapato anaduka. Ndinakhala pansi pa mtengo wa masuku, thukuta lili kamukamu, n'kuyang'ana kumene ndachokera. Malata a kuboma ankangonyezimira patali. Pamenepo ndinaona alamu anga m'maganizo, thadzi kukhwapa, Tadala kumsana, akutsika njira yomweyi wapansi mpaka kumalire, popeza ya njinga analibe. Manyazi anandigwira. Mawu aja akuti "koma nanunso" ndinawasiya pansi pa msukuwo pamodzi ndi makoko a manachesi.

Chitunda chachitatu ndinakwera ndikuimba nyimbo ya kwaya yathu, ngakhale mpweya unkandithera pakati pa mzere. Mtima unali utapepuka kale.

Pakhomo pa alamu ndinapeza chitseko chotseka. Bambo wina amene ankasenda mtedza pakhonde loyandikana anandilonjera n'kunena kuti ndi a Gama, mkulu wa mpingo wa pamudzipo. Nditadzitchula, anaika lichero pansi n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwasemphanatu, mayi! Anyamuka tambala woyamba kudzera njira yachidule. Ati akukaona alamu awo kumalire, mawa asadye mgonero ndi mfundo mumtima. Ati anakusungirani mkwiyo nthawi yaitali."

Netiweki kumeneko imapezeka pachulu chokha. Ndinakwera pachulupo, mayi wamkulu ngati ine, n'kuimbira bambo a kunyumba. Anayankha akutafuna.

"Ali pano. Andiphikira kale, ndipo ndiwo zake, usakwiye, zikukoma."

Kenaka ndinamva mawu a alamu. "Alamu, mwayenda bwanji? Mwafika nthawi yanji?"

Ndinayang'ana pafoni. Inali 12 koloko ndendende. Nditawauza, anati, "Ndiye mwachedwatu."

Tinaseka tonse, ine mpaka misozi, mbuzi za a Gama zikundiyang'ana. Ndipo ndinanena zimene ndinayendera: "Alamu, ndinakulakwirani pamaso pa anthu. Njirayi sindinkaidziwa. Mundikhululukire."

"Zinatha, alamu. Inenso mundikhululukire. Ndiye musabwerere lero, miyendoyo sikufikitsani. Kiyi ali pansi pa mtondo. Munditsekere mbuzi, Tadala mukamutenge kwa amayi. Mawa mukakhale pabenchi panga, ine ndikhala panu."

A Gama anati za kalata ya mpingo yondilola kudya nawo mgonero kumeneko ndisadandaule, mboni ndi iwowo, ndipo analankhula ndi bambo a kunyumba kuti akafotokozere akulu a kwathu chimodzimodzi.

M'mawa mwake ndinadya mgonero m'katchalitchi ka njerwa zosawotcha, nditavala chitenje ndi masilipasi a alamu. Kwa chaka chathunthu ndinkapemphera kuti Mulungu afewetse mtima wa amake Tadala. Sindinkadziwa kuti wofunika kufewa unali wanga, ndipo kuti mankhwala ake anali zitunda zitatu. Mkate unadutsa bwinobwino.

Lolemba a Zuze anandipeza pakamtsinje paja. Ndinawawonjezera ndekha.