Tsamba la Tadala ndi Makina a Achimwene

Tinanyamuka ku South Bend Loweruka m'mawa, ine nditangoweruka kumene shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Sindinagone n'komwe. Ndinangosamba, kusintha nsapato, n'kuyamba kuthamangira ku eyapoti komwe tinkakwerera basi ya ku Indianapolis. Mwana wanga Tadala, yemwe anali m'chaka chomaliza cha sekondale, ankayenda patsogolo atakolekera chikwama chophwatalala chonyamulira mapepala, osacheuka.

Chinandikweza basi imeneyo si chikondi cha makomiki ayi. Tadala anali atasiya kundilankhula. Tsiku lina anandiuza kuti akufuna kukaphunzira zojambula, kuti azidzajambula timabuku tija ta anthu amphamvu ouluka m'mwamba. Ine ndi kutopa kwanga ndinamuyankha kuti sindinabwere ku America kudzasintha matewera a nkhalamba za eni ake kuti mwana wanga adzakhale wojambula zidole. Kuyambira pamenepo m'nyumba munangoti zii. Akafuna kanthu ankanditumizira meseji tili m'nyumba imodzi. Ndiye atalemba kuti ku Indianapolis kuli chionetsero cha makomiki, ndipo akufuna kukagula tsamba lojambulidwa pamanja ndi mkulu wina amene ankamutama kwambiri, ndinati ndimuperekeza. Ndinkaopa kuti adzachoka pakhomo kupita ku koleji tisakulankhulana.

Matikiti awiri anandidyera madola pafupifupi sikisite. Tadala anakhala cha kuwindo n'kutseka makutu ndi nyimbo zake. Mbali inayi kunakhala bambo wina wathupi ndithu, atavala zothina zobiriwira, kabudula wamkati ali pamwamba pa buluku, chinsalu chili lende kumsana. Ndinayesetsa kuyang'ana kumbali koma zinandikanika. Ndinamufunsa ngati kunyumba akudziwa kuti watuluka chonchi. Anaseka mpaka mimba kugwedezeka, nati akazi ake ndiwo anasoka, ndipo Lolemba akhala ali ku ofesi atamanga tayi.

Msewu wa 31 ndi wa tulo. Mbali zonse ndi chimanga chokhachokha, chofanana msinkhu, popanda ngakhale munthu mmodzi wogwira khasu. Ndikati ndisinze, mutu unkagunda mpando wakutsogolo. Ku Kokomo basi inaima pang'ono, ndinagula khofi wowawa ngati mankhwala a malungo, koma ndinamwa wonse. Tadala ndinamugulira madzi, anangolandira n'kugwedeza mutu.

Tinafika m'tauni ya Indianapolis dzuwa lili paliwombo, n'kuyenda wapansi mpaka kuholo yaikulu ya misonkhano. Pakhomo anatilipitsanso. M'katimo munali anthu ngati pamsika wa kaunjika tsiku lotsegula mabelo, enanso atavala zoposa bambo wa m'basi uja. Miyendo inali itayamba kale kutupa. Ndinagula banzi yokhala ndi nyama ya nkhumba yoipanapana mpaka kutambalala kuposa banziyo, ndinadyera chiimire chifukwa pokhala panalibe.

Ojambulawo anawaika kumapeto kwenikweni, aliyense pakatebulo kake. Mkulu wa Tadala uja anali bambo wachikulire wa tsitsi loyera, wopindika khosi, dzanja lamanja atalimanga ndi kansalu kolimba. Tadala anatsegula mulu wa masamba mosamala ngati akugwira khanda, mpaka anapeza limene ankafuna. Linali lalikulu kuposa tsamba la m'buku, la inki yakuda yokha, mayi wina atanyamula chimlatho chikugwa, anthu akuthawa pansi pake. Koma uve wake! Paliponse mizere ya pensulo yosafufuta, pena utoto woyera wophimbira zolakwika, m'mphepete timawu tolembalemba, pakona chidindo cha kapu ya khofi.

Nditamva mtengo wake, magazi a kwathu anandithamanga. Ndalama zinali za mwini wake Tadala, za ganyu wake wa patchuthi, komabe.

"Bambo, ili ndi lothimbirira," ndinatero m'Chingerezi. "Mulibe loyera? Apo ayi mutsitseko."

"Mami!" Tadala ananditsina pamkono, nkhope ili gwa ndi manyazi. Aka kanali koyamba kunditchula patapita nthawi yaitali.

Bamboyo sanakhumudwe. Anandiuza kuti ndiwerame, n'kuloza dzanja la mayi wonyamula mlatho uja. Pansi pa inki pankaoneka manja ena a pensulo, ozimiririka. Anati dzanja limenelo linamuvuta tsiku lonse, ankalijambula n'kulikana, kulijambula n'kulikana. Anati buku losindikizidwa aliyense angagule, koma amene amagula tsamba ngati ili amafuna zomwezi, kuti aone pamene munthu anavutikira, ndipo tsamba lotere limakhala limodzi lokha padziko lonse.

Za zojambula sindidziwa, koma matupi otopa ndimawadziwa. Ndinaona chikanga pachala chake chapakati. Ndinaona mmene ankatembenukira thupi lonse m'malo mwa khosi lokha, ndi mmene ankatsitsira mkono patebulo pang'onopang'ono. Ndinamufunsa kuti amakhala pampando nthawi yotalika bwanji, anati kuyambira m'mawa mpaka maso akane. Tadala analipira mtengo wonse. Bamboyo anatenga cholembera n'kulemba m'mphepete mwa tsambalo dzina la Tadala, mawu omulimbikitsa kuti asasiye kujambula, ndi dzina lake pansi.

Madzulo achimwene anga a Lameki anabwera kudzatitenga pagalimoto kupita kwawo ku Beech Grove. Iwo ndi aakulu m'banja mwathu, ndiwo ananditengera kuno, ndipo pa za ana anga mawu awo amalemera monga amalume. Nkhani yoti Tadala adzaphunzire unesi anaiyambitsa ndi iwo. Pabalaza pawo chilichonse n'chomata pulasitiki: masatifiketi, chithunzi cha ukwati, ngakhale pulogalamu ya maliro a mayi athu. Kwathu pepala lofunika timalamineta kuopa chiswe ndi madzi, ndiye iwo atafika kuno anadzigulira makina awoawo. Alamu anatiphikira mpunga ndi nkhuku. Tadala anaonetsa tsamba lake, achimwene anafunsa mtengo n'kuimba mluzu. Ine ndinagona ndisanamalize tiyi.

M'mawa chinandidzutsa ndi fungo la pulasitiki yotentha. Nditatuluka ndinapeza achimwene ataimirira pabalaza atavala kale suti ya kutchalitchi, akumwetulira, tsamba lili m'manja likunyezimira.

"Tadala, bwera udzaone zimene ankolo ako akuchitira," anaitana. "Tsopano ili ngakhale adzukulu ako adzalipeza."

Tsambalo linali lalikulu moti silikanalowa m'makina, ndiye analidula m'mphepete monse ndi sizasi. Utoto woyera uja unachita matuza ndi kutentha. Tadala analilandira, kuliyang'ana, kulitembenuza. Sanalire. Anapita kukhitchini, anagwada pabini n'kuyamba kutolamo tizidutswa pakati pa makoko a mazira, mpaka anapeza kachidutswa kolembedwa dzina lake. Mtima wanga unasweka pomwepo.

"Achimwene, anakutumani ndani?" ndinafunsa.

"Ah, achemwali, ndimati ndimusungire. Chinthu chodula chonchi chingakhale chosalamineta? Ndipo m'mphepetimo munali zonyansa zokhazokha, ndangokilina."

"Mwaononga. Zimene mwadulazo ndi zimene mwanayu anagula."

"Mukundikalipira chifukwa cha zidole?"

"Si zidole, ndi ntchito ya munthu! Bambo uja khosi linapindika chifukwa cha tsamba limeneli. Ndipo mwanayu akati akufuna ntchito imeneyi, inu ndi ine tizifunsa kaye tisanagwire sizasi."

Chibadwire ndinali ndisanakwezepo mawu kwa achimwene. Alamu anaima pakhomo la khitchini, supuni ili m'manja. Achimwene anafunsa chapansipansi ngati pulasitikiyo singachotsedwe. Tadala anayankha m'Chingerezi kuti ayi, guluu wake akatentha amalowerera m'pepala, ukakoka umang'amba zonse. Kutchalitchi sitinapite. Achimwene anatiperekeza kokwerera basi, ndipo potsika anagwira Tadala paphewa.

"Undikhululukire, mwana wanga. Ankolo akowa ndi achimidzi."

Tadala anagwedeza mutu. Anthu awiri onsewo ndinawamvera chisoni.

Pobwerera basi inali yopanda anthu ambiri. Ndinali nditatheratu, ndipo madzulo omwewo ndinali woti ndikalowenso ntchito. Titadutsa Kokomo, Tadala anachotsa zam'makutu zija.

"Mami, bwanji munawashauta ankolo?" anafunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka. "Inunso munati ndi zidole."

"Ndinatero," ndinayankha. "Koma ndinali ndisanaone chala cha bambo uja."

Tinadutsa tauni ina. Kenako, maso ali kuwindo, anati ku Chicago kuli sukulu ya zojambula imene mwezi wotsatira idzalole makolo ndi ana kukaona, ndipo sitima yake imanyamukira pa eyapoti pomwe paja. Anati sankafuna kundiuza chifukwa ankadziwa kale yankho langa. Anatchula tsiku lake. Linali Loweruka limene ndinali pa shifiti.

Mantha anga sanathe ayi. Mpaka lero sindikudziwa ngati kujambula kumalipira lendi. Chimene ndinaphunzira pa ulendowu n'chakuti ife tikachikonda chinthu timathamangira kuchiteteza tisanafunse kuti n'chiyani, ndipo achimwene sanali okha pa khalidwe limeneli.

Basi ikulowa mu South Bend, ndinatulutsa foni n'kuimbira mnzanga wakuntchito. Ndinamupempha kuti tisinthane Loweruka limenelo, ine ndidzamugwirire Khirisimasi. Anadabwa, nati kodi kuli ukwati? Ndinati ayi, ndikuperekeza mwana kukaona sukulu yake.