Mita ya Pang'anjo

Pafakitale yokonza zitsulo za njanji onse ankawatcha a Diso. Ntchito yawo inali pang'anjo. Chitsulo chimalowa m'moto mpaka kufiira, kenako amachimiza mumchere wosungunuka kuti chizizire pang'onopang'ono, chilimbe koma chisamathetheke. Mainjiniya amachitcha benaiti. A Diso ankangoti chapsa.

Mita yoyezera kutentha inafa iwo asanakwatire, ndipo pempho logula ina linali likuyendabe m'maofesi, mwaulemu wake, osathamanga. Choncho a Diso ankatsegula kachitseko ka ng'anjo n'kusuzumira ndi maso osavala kanthu, poti magalasi akuda amabisa mtundu wa moto. Abwana akalandira alendo ankabwera nawo kudzawaonetsa.

"Iyi ndiye mita yathu," ankatero, alendo n'kuwomba m'manja.

Kunyumba mita ija inayamba kuthira tiyi pambali pa kapu.

"Bambo a mwana, dzulo mwandidutsa pamsewu ngati mtengo wa magetsi," anatero akazi awo.

"Ndimaganiza za ntchito."

"Kani mumaganiza ndi maso?"

Kenako fakitale inagula ng'anjo yodziyezera yokha, pamodzi ndi makina a leza. Makinawa amayendetsa kuwala kowonda ngati ulusi pamwamba pa chitsulo, khungu lokha n'kuuma gwa, mkati osakhudzidwa. Tisaname, zonsezi zinkagwira bwino kuposa a Diso. Ng'anjo yakale inazimitsidwa, ndipo panatsala malo amodzi okha a munthu wa zitsulo, oyendetsa makinawo. A Diso anawafuna malowo ndi mtima wonse. Ndani wina ankachidziwa chitsulo?

Mlamu wawo, dalaivala wa lole, atamva kuti akaonekera pamaso pa komiti yosankha munthu wa malowo, anawapangira nzeru. "Alamu, pakomiti munthu sadzichepetsa. Mukawauze zimene mwawachitira anthu amenewa."

Komitiyo inali ya anthu atatu: abwana aja, injiniya, ndi mayi wa zachitetezo amene anali atangolembedwa kumene. Mayiyo ndiye anafunsa.

"Bambo, kuwala kwa makinawa kumaboola diso. Pang'anjo paja magalasi mumavala nthawi zonse?"

A Diso anakhala bwino pampando. Funso limeneli ndi limene ankalidikira.

"Ine? Sindinavalepo, mayi, ngakhale tsiku limodzi. Ndikanavala, njanji zonsezi bwenzi zitathetheka. Afunseni abwanawa, akudziwa."

Abwana pa nthawiyo anali atapeza chinachake chofunika kwambiri pachivindikiro cha cholembera chawo.

Komiti inawatumiza a Diso kwa dokotala, dokotala n'kunena zimene akazi awo ankazidziwa kale popanda kupita kusukulu. Ndiye komiti inakhalanso pansi, inamwa tiyi, n'kupeza mfundo. Maso a bamboyu anawonongeka, inde. Koma sinali ng'anjo imene inawawononga, kunali kusamvera malamulo, monga anavomerezera yekha pamaso pa mboni. Magalasi fakitale inapereka. Izi zinali zoona: anali pamsomali pafupi ndi ng'anjo, ndipo akangaude analerera momwemo ana ndi zidzukulu. Za mita yakufa ija komiti sinakambe, poti nkhaniyo inali isanafike pa ofesi yake.

Malo aja anapatsa munthu wina. Koma fakitale sitaya ana ake. A Diso anawapezera udindo watsopano, wa dzina lalitali kuposa ntchito yake. Amakhala pampando pakhomo la chipinda cha makinawo, katoni ya magalasi pamiyendo, n'kumapatsa aliyense wolowa. Lamulo likuti nawonso azivala magalasi akudawo kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ngakhale kuti m'khonde mmenemo babu linapsa kalekale, ndipo pempho logula lina likuyenda.

"Ndiye mumaona chiyani mmenemo?" akazi awo anafunsa.

"Zomwe ndimaona kunja kuno."

Mlamu uja masiku ano akabwera amakamba za matayala basi.

Chitseko chikatsekedwa, a Diso amamva makina akulira chapansipansi, fungo la chitsulo chotentha n'kumatulukira kunsi kwa chitseko. Mutu umatembenukira komweko wokha.

Alendo amabwerabe. A Diso amawadziwa abwana ndi kulira kwa nsapato, ndipo amaimirira. Abwana amawagwira paphewa.

"Awa ndiye chitsanzo chathu. Onani zimene zimachitika munthu akapanda kuvala magalasi."

Alendo amawomba m'manja, chimodzimodzi ngati kale.