Batani Lomwe Wilmar Sanalipeze

Wilmar Techera wa ku Montevideo ntchito yake inali yolemba malangizo a mapulogalamu a pakompyuta, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu aliyense wanzeru zake ali ndi kompyuta ya mtundu wa Mac ngati iyeyo. Tsamba lililonse ankaliyamba ndi mawu akuti "dinani batani la Command", batani lopezeka pa Mac pokha. Pansi penipeni, m'timalemba tofuna magalasi, ankawonjezera kuti: "Malangizo a makompyuta a Windows ndi Linux akubwera posachedwa." Posachedwapo panadutsa zaka, mwana wobadwa nthawiyo mpaka anayamba sukulu. Wina akadandaula, Wilmar ankangoti, "Agule kompyuta yeniyeni," n'kupitiriza kupukuta yakeyo ndi kansalu.

Ndiye anagwa m'chikondi ndi Yamila, mwana wa Don Aparicio, mlimi wa ng'ombe za mkaka ku San José. Lamulungu lina anapita kukaonekera, mtima uli m'mwamba, poti popanda chilolezo cha mkuluyo ukwati panalibe.

Nyama ili pamoto, Don Aparicio anatulutsa kalaputopu kakale ka Linux, konunkha khola.

"Mwana wanga, ndamva kuti ndiwe katswiri. Bungwe lathu la alimi latipatsa pulogalamu yolembetsera ng'ombe. Tandiikirako, malangizo ndi awa. Koma amene analemba zimenezi, tsiku lomwe ndidzamuone, ndidzamukamitsa nkhunzi."

Wilmar atangoona mzere woyamba, anauzindikira. Anali mawu ake omwe. Anasakasaka batani la Command pa kalaputopu kaja, uku ndi uku, mpaka kukatembenuza chadodolido, thukuta lili kamukamu.

"Mwina lagwa, bambo," anatero.

"Lagwa? Yamila, tabwera ndi tsache, batani la mlendo lagwa!"

Yamila anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Manyazi anamugwira Wilmar mpaka m'makutu, poti dzina lake linali m'munsi mwa tsambalo, ndipo chala cha mkuluyo chinali chitakhazikika pomwepo.

Kenako Don Aparicio anathira madzi otentha m'chikho cha yerba, tiyi wa kumeneko, n'kuyamba kuchiyendetsa mwa nthawi zonse: kapaipi komwera kamodzi, aliyense amwe, poti wodumphidwa ndiye kuti si wapakhomo. Anamwa mayi ake a Yamila, anamwa Yamila, anamwa ngakhale mnansi amene anangobwera kudzabwereka chingwe. Chikhocho chinamudutsa Wilmar pamphuno penipeni.

"Nanga ine, bambo?"

"Chako chikubwera posachedwa, mwana wanga," anatero mkuluyo, n'kutembenuza nyama.