Mawaya anayi a Lachisanu lija

Mwana wanga woyamba anali ndi miyezi isanu ndi inayi pamene malungo anamugwira. Linali Lachisanu m'mawa, mvula ikuwaza, ine liwiro naye kukachipatala kathu kufupi ndi Nsanama, iye ali lende kumsana, osalira n'komwe. Anamwino atamutsegula chikope anangoti, "Magazi atha. Uyu ngwa chipatala chachikulu, lero lomwe."

Ambulansi inkaitanidwa pa wailesi yolankhulirana, yokhala pakona, yokoka moto ku batire ya galimoto. Anamwino anadina kabatani ka maikolofoni, kuitana, kuitananso. Ife tinkawamva a kuchipatala chachikulu akuyankhana ndi zipatala zina, koma iwo osatimva. Denga linkadontha, madzi analowa m'maikolofonimo, m'kati monse dzimbiri.

Panalibe wofuna kuikhudza. Masiku amenewo ukangomveka kuti unatsegula wailesi yotere, mawa lake a chipani akukufunsa kuti umafuna kulankhula ndi yani ku Mozambiki. Abambo onse pakhonde anayang'ana pansi. Ine maso pachifuwa cha mwana, chikukwera, chikutsika, chikuima.

Mayi wina anathamangira a mwalimu a pamzikiti wapafupi, amene ankaitanira anthu ku mapemphero a swala pa chimkuzamawu. Anafika atanyamula maikolofoni ya kumzikitiko ndi mpeni waung'ono.

"Amwalimu, mutimangitsa," anatero anamwino.

"Iyayi, amayi, omangidwa ndine. Muzidzandibweretsera chinangwa. Ikani msomali pamakala."

Anadula chingwe cha maikolofoni yakufayo, n'kusenda ndi mano. Munatuluka timawaya tinayi. Kenako anadulanso chingwe cha yawo, osazengereza, munali tiwiri tokha. Manja amenewo sindidzawaiwala, osanjenjemera mpang'ono pomwe, ngati akusankha mpunga.

"Tiwiri iti n'ta mawu," anatiuza. "Tiwiri iti n'ta kabatani. Yathuyi ilibe kabatani, ndiye kabatani ndikhala ine."

Anapota ta mawuto pamodzi ndi tiwiri ta maikolofoni yawo, n'kudonthezapo mtovu wa m'maikolofoni yakufa ija ndi msomali wotentha uja. Totsalato anatigwira m'zala. Akatigunditsa, kanyali kofiira kankayaka, anamwino n'kulankhula. Akatisiyanitsa, wailesi inkamvetsera. Koyamba zii. Anatembenuza waya umodzi, kunong'ona Bisimila, kugunditsanso.

Mu wailesi munatuluka mawu: "Takumvani, koma mukumveka ngati muli m'chitsime. Bwerezani."

Ine ndinakhala pansi pomwepo. Anamwino anabwereza katatu, a mwalimu akugunditsa ndi kusiyanitsa, maso ali pakamwa pa anamwinowo kuti asawadule mawu.

Ambulansi inafika dzuwa lili pamutu. Maikolofoni ija a mwalimu anaisiya pomwepo, akuti mwina kubweranso wodwala wina. Tikudutsa pamzikiti ndinawaona ataima pabwalo, manja kumakutu, akuitana swala ya Lachisanu ndi pakamwa pokha, mitsempha ya m'khosi ili tototo. Ine ndine wa Katolika, ndinangokweza dzanja pazenera.

Madzulo ake kuchipatala chachikulu, botolo la magazi omwe ankamuika litafika pakati, mwana anafuna bere.