Timazira Tatchizi ta Sabata Yonse

Atandisamutsira ku ofesi ya ku Petauke, sindinafune kusiya nyumba yanga ya ku Nyimba. Nyumbayo ndinaivutikira ndekha, ndipo chaka chomwecho ndinali nditangotenga bambo anga kuchokera kwa Nyalugwe. Amayi atamwalira, bambo anatsala okha, miyendo ikutupa, ndipo ndinachita kuwanyengerera ngati mwana kuti abwere. Anavomera, koma anati angoyesa. Mawu oti kuyesawo ankandisowetsa mtendere. Mwamuna tinasiyana kalekale, ana ndilibe, ndipo ndinali nditatopa kuyankha wailesi. Ndinkafuna kuti akhale.

Ndisanasamutsidwe, m'mawa uliwonse ndinkakoleza mbaula pakhonde, kutereka madzi a tiyi ndi kuphika mbatata. Bambo ankakokera mpando pafupi n'kumaotha. Utsi ukangokwera, geti linkalira. Amayi a nyumba yoyandikana nafe ankabwera ndi chivindikiro cha poto kudzapala moto, ndipo pambuyo pawo mkulu wina wokonza njinga, naye ndi kachitsulo kake. Ine zinkandinyansa pang'ono, makala anga akuyenda m'nyumba za eni. Bambo ndiye ankasangalala. Ankafunsa za mvula, za mbuzi, za maliro a kwa Mwape, mpaka makala kutsala pang'ono kuzimira pachivindikiro.

Tsono minibasi ya ku Petauke inkandifuna pamsewu kusanache bwino, ndipo zokoleza mbaula zinakanika. Sabata yoyamba ndinkawasiyira buledi ndi tiyi wa mufulasiki, koma mtima unkandiwawa. Munthu wodwala miyendo, womwa mankhwala, n'kumadya buledi wouma? Nzeru ndinaipeza kwa mnzanga wa kuntchito, amene ankabwera ndi timazira tophika mu uvuni, tozungulira ngati timakeke.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, magetsi akatikomera mtima, ndinkaswa mazira m'mbale yaikulu, n'kuthiramo mkaka pang'ono, mchere, anyezi ndi repu wodula bwinobwino, kenako tchizi wopala amene ndinkagula ku Petauke. Ndikatakasa ndinkathira m'chiwaya cha timabowo chophikira makeke. Ulendo woyamba ndinaiwala kupaka mafuta, ndipo ndinachita kupala ndi supuni uku ndikudzitukwana. Ulendo wachiwiri ndinadzazitsa, tinasefukira. Wachitatu ndiye tinatuluka tokongola, tofufuma, tofiirira pamwamba, fungo la tchizi nyumba yonse. Tikazizira ndinkatiika m'firiji, ndipo m'mawa ndinkangotulutsa tiwiri, kuika pambale, kuvindikira, n'kuthamangira basi. Ndinkadziona wochenjera kwambiri. Chakudya cha sabata yonse, popanda utsi, popanda phulusa.

Madzulo ndinkapeza mbale ili momwe ndinaisiyira. Nthawi zina kamodzi kankakhala kolumidwa m'mbali.

"Atata, simunadye?"

"Nenze nilibe njala, mama. Nizadya mailo."

Mailo wakeyo, mawa limene ankanenalo, sankafika. Ndinaganiza kuti akunyoza chifukwa n'chakudya chogona. Kwathu chakudya chogona ndi chimbala, cha ana opita kubusa, sichipatsidwa kwa munthu wamkulu. Ndinawafotokozera za firiji mpaka pakamwa kuuma. Ndinachepetsa tchizi, ndinaonjezera matimati, ndinachotsa repu. Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinawauza kuti ku Petauke anthu amachita kulimbirana zimenezi. Anangoti, "Ni vabwino, mama," n'kuyang'ana kugeti. Kunena zoona zinandipweteka. Ndinkafika nditatopa, m'chiuno mukuwawa ndi mabampu, n'kumadya ndekha timazira tawo nditaimirira kukhitchini.

Loweruka lina ndinakumana ndi amayi oyandikana nafe aja kumsika, akusankha tinsomba ta kapenta.

"Aneba, atata ali bwanji? Masiku ano sitiwaona."

"Alipo. Nanga imwe ndiye mwatitaya, simubwela."

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Tibwele kuchita chani? Mulilo kulibe. Mzimai wa mwini ningangoloba pa nyumba pali mwamuna yeka, kumanja kulibe kanthu? Anthu azakamba chani?"

Ndinabwerera kunyumba ndi kapenta wanga. Kuyambira tsiku limene mbaula inazima, geti silinalirenso. Bambo ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka ine kubwera, osalankhula ndi munthu. Ndipo bambo anga chibadwire sanadyepo okha. Kumudzi ankati wodya yekha ndi mfiti, ndipo munthu aliyense wodutsa panjira ankamuitana kuti adzasambe m'manja.

Ndinagula thumba la makala ndi machesi, n'kuwaikira pafupi ndi mpando. Ndinati azikoleza okha dzuwa likatuluka. Anapukusa mutu.

"Niyashe mulilo wophika chani? Vakudya unaphika kale. Kutentha malasha chabe monga wofuntha?"

Ndinayesa kudzuka msanga kuti ndikoleze ndisananyamuke, koma nthawi imeneyo anthu amakhala adakali m'tulo, ndipo akamadzuka mbaula inali phulusa lokhalokha. Ntchito sindikanaisiya, ndipo mpaka lero ndimati panalibe cholakwika ndi timazira tija. Tinali tokoma, topatsa thanzi, ndipo dokotala aliyense akanandiyamikira.

Mitambo itayamba kusonkhana, bambo anati akufuna akaone munda. Ndinawakumbutsa za miyendo, ndinawakumbutsa kuti chipatala chili pafupi kuno. Ndinalira, ine munthu wamkulu. Anadikira kuti ndimalize, kenako anati, "Wanisunga bwino, mwana wangu. Koma kumunzi nikakhosomola, wina amvela."

Tsiku la ulendo ndinapempha kuti ndichedwe kuntchito. Ndinawaperekeza pamene pamaima lole yopita kwa Nyalugwe, ndipo anyamata anawakweza kumbuyo, pamwamba pa matumba a feteleza. Ndinawapatsira chikwama, ndodo, ndi kontena ya timazira timene tinatsala sabata imeneyo, poti kunyumba sindikanatimaliza ndekha. Lole inachedwa kunyamuka, monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinaima pamthunzi wa golosale kudikira.

Ndili pomwepo ndinaona bambo akutsegula kontena ija. Anapatsa mayi wina wobereka mwana, anapatsa mkulu wa chipewa amene anakhala moyang'anana nawo, anapatsa kondakitala. Kenako anatenga kamodzi, n'kuluma, n'kutafuna bwinobwino. Anamaliza, anatenganso kena. Mkulu wa chipewa uja anafunsa kanthu, ndipo bambo anandiloza ndi chala chonona mafuta.

"Ni mwana wangu uja. Ndiye amaphika ivi. Vili na tchizi mukati."

Anthu onse a mulole anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ndinakweza dzanja. Injini inalira. Bambo anali akutafunabe pamene lole inkakhota, ndipo ine ndinawoloka msewu kukadikira minibasi ya ku Petauke.