Tsiku Limene a Masiye Anavula Kamera Pakhosi

Nyumba zakale za ku Biwi zambiri zili ndi chithunzi chojambulidwa ndi a Leston Masiye. Anachokera ku Ntchisi ali mnyamata, kamera pakhosi, njinga yakapalasa ili gwedegwede, ndipo ukwati kapena ubatizo sunkakoma iwo kulibe. Mafoni atafala, sanadandaule. Anayamba kusonkhanitsa achinyamata pakhonde pawo Loweruka lililonse, kuwaphunzitsa za kuwala, za mthunzi, ndiponso kudikira. "Chala chisathamange," ankatero. "Liyambe lafika ndi diso."

Kenako maso awo anachita ng'ala, koma sanauze munthu.

Chaka chatha mayi wina wa ku Chilinde anawaitana kuchinkhoswe cha mwana wake, Chisangalalo. Chinkhoswe cha mayiyo anajambulanso ndi iwo kalekale, ndiye akanakana bwanji? Anatenga wophunzira wawo Tiwale, mtsikana wogulitsa tomato, ati awanyamulire chikwama.

Nthawi inakwana yoti mkwati aloze mkazi wake. Akuchikazi anatulutsa atsikana atatu atafunditsidwa zitenje kuyambira kumutu. Chitenje cha mkwatibwi chimavundukulidwa kamodzi kokha, ukaphonya waphonya. A Masiye anakweza kamera, n'kuitsitsanso.

"Tiwale, ine ndikungoona nkhungu. Gwira."

"Agogo, nanga ndikaphonya?"

"Tithawira limodzi ku Ntchisi."

Mayi aja anaona. "A Masiye, tinaitana inu, osati a tomatowa!"

"Amayi, maso anga lero ndi amenewa."

Amafoni onse anaunjikana pa mtsikana wapakati, wansapato zonyezimira. Tiwale anayang'ana pansi. Awiri ankagwedeza mapazi motsatira nyimbo, koma wakumapeto anali ataima njo, zala zakumapazi zitakwinyika mupatapata. Woseweretsa anthu sachita mantha chotero. Tiwale anakagwada patsogolo pake, nadikira.

Mkwati anazungulira, anthu akumunyoza kuti sadziwa mkazi wake, mpaka analoza wakumapetoyo. Chitenje chinagwa, kamera inalira, nthungululu zinang'amba bwalo! Amafoni anatembenuka zitatha kale.

Mayi aja anathamanga kudzaona. Pakagalasi ka kamera panali Chisangalalo akuseka, msozi uli patsaya, kumbuyo kwake mayi ake omwewo ali m'malere, mpango ukugwa.

"Mayo ine! Ndinadumpha chonchi? Bwerani mudzaone, anthuni!"

Kamera inayenda m'manja mwa azakhali, ankhoswe ndi ophika omwe. Itabwerera kwa a Masiye, anaiyandikiza pamphuno, koma sanaone kanthu.

"Tandiuza, mwanawe, kuwala kwagwera pati?"

"Pamsozi, agogo."

Anaseka mpaka kutsokomola, nakoleka lamba wa kamera pakhosi pa Tiwale.

Masiku ano maukwati a ku Biwi amajambula ndi Tiwale. A Masiye akadali pakhonde paja Loweruka, ana atawazinga, aliyense akuwafotokozera chimene wajambula. Wina akamafotokoza mothamanga, amamubweza kuti akayang'anenso.